Malamulo a Mpikisano wa Magalimoto a Mawaya

Mwana wokulira kwa Mkhumba, m'munsi mwa phiri la Michesi, amadziwa kuti waya satayidwa. Kachidutswa kalikonse kotoledwa pa mpanda wakugwa kapena kuseri kwa sitolo kamasungidwa bwino, chifukwa tsiku lina kadzasanduka chitseko kapena mpando wa galimoto. Thupi la galimotoyo amapinda ndi waya wolimba, mfundo zake n'kumanga ndi malegeni. Mateyala amapanga ndi zitini za polishi ya nsapato kapena zitsekerero za mabotolo, ndipo chiwongolero chimakhala chachitali kufika m'chiuno kuti mwini wake aziyendetsa ali chiimire. Luso limeneli lidamveka ngakhale kunja, pakuti mu 1990 Karen Lynn Williams wa ku America, amene adakhalapo m'Malawi muno, adasindikiza buku la ana lotchedwa Galimoto.

Patangopita zaka zochepa chichitikire napolo wa mu Malichi 1991, Phalombe ikadali mbali ya boma la Mulanje, anyamata a mudzi wina kwa Mkhumba adapangana zochita mpikisano wa magalimoto awo pa tchuthi. Mkulu wina, amene kale ankayendetsa malole ku minda ya tiyi, adalonjeza nkhunda ziwiri kwa wopambana. Anyamatawo adagwirizana tsiku ndi malo, koma palibe amene adakumbukira kufunsa kuti wopambanayo adzadziwika bwanji.

Tsikulo litafika, mwana wa mmisiri wokonza njinga adatulukira ndi lole ya masipoko onyezimira, yopakidwa utoto wofiira, yokhala ndi mababu a tochi amene ankayaka ndi mabatire. Aliyense adaona kuti m'menemo mudadutsa manja a bambo wake. Mnzake wapamtima, amene ankaleredwa ndi agogo ake, adabwera ndi kagalimoto ka waya wadzimbiri ndi mapesi. Kadali kosaoneka bwino, koma kadali ndi masipuling'i a waya wopota, kotero kuti kakaponda mwala sikankagubuduka. Ndithudi, ukaipa dziwa nyimbo.

Pomwepo mkangano udabuka. Ena adati ipambane galimoto yokongola, yofanana ndi yeniyeni. Ena adati kukongola n'kwachabe, chachikulu ndi liwiro. Enanso adakuwa kuti lole ya masipoko ichotsedwe chifukwa siidali ntchito ya mwana. Mwini loleyo adayankha misozi ili m'maso: "Ndani adanena kuti bambo asandithandize? Lamulo limenelo mwalipanga lero chifukwa mwaona kuti ndikuposani!" Kunena zoona, mnyamatayo sadaname. Komanso anzakewo sadalakwe podandaula. Abwenzi awiri aja, amene ankadyetsera limodzi mbuzi, adafika potukulirana malaya.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mwini nkhunda uja adawaleretsa, koma mlanduwo sadaugamule.

"Agogo, ingotiuzani amene wapambana," adatero mmodzi.

"Iyayi, adzukulu anga," mkuluyo adayankha. "Yambani mwandiuza inu. Kodi mukufuna kuyesa galimoto, kapena amene adaipanga? Pitani mukagwirizane. Nkhundazi sizithawa."

Funso limeneli lasautsapo ngakhale anthu a m'maiko olemera. Mumzinda wa Akron ku America mumachitika mpikisano wa Soap Box Derby, wa timagalimoto topanda injini timene kale ana ankayenera kudzipangira okha. Mu 1973 mnyamata amene adapambana adalandidwa ulemu wake patangopita masiku ochepa, makina a X-ray ataonetsa kuti kutsogolo kwa galimoto yake kudabisidwa maginito oithandiza kunyamuka msanga. Zidadziwika kuti wamkulu wa m'banja lake ndiye adamulimbikitsa kutero. Apa phunziro n'lakuti wamkulu akalowetsa dzanja m'masewera a ana, amawalanda chinthu choposa mphotho.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Mu mpikisano wa magalimoto aliwiro wa Formula One, kampani ya Tyrrell idatulutsa mu 1976 galimoto ya mateyala asanu ndi limodzi, ndipo idapambana ku Sweden chaka chomwecho. Panalibe chinyengo, popeza malamulo a nthawiyo sadaletse zimenezo. Pambuyo pake malamulo adasinthidwa kuti galimoto iliyonse izikhala ndi mateyala anayi basi. Motero lamulo limatha kutseka khomo la chinyengo, komanso limatha kutseka khomo la nzeru zatsopano. Opanga malamulo ayenera kusiyanitsa makomo awiriwa.

Anyamata a kwa Mkhumba sadamvepo za Akron kapena Tyrrell, koma kwa masiku atatu adalimbana ndi mfundo zomwezi pansi pa mtengo wa mango. Wina adati, pofuna chilungamo, magalimoto onse akhale a msinkhu umodzi, a waya wokhawokha, opangidwa mofanana. Ambiri adavomera. Chodabwitsa n'chakuti amene adatsutsa ndi mnyamata wa kagalimoto ka mapesi uja, amene lamulolo limafuna kumuteteza. Iye adati magalimoto akafanana onse, ndiye kuti palibenso choyesa, ndipo masipuling'i ake, amene adawaganizira usiku wambiri, akhala oletsedwa pamodzi ndi mababu a mnzake. Adafotokoza kuti chimene chidamupweteka si kukongola kwa loleyo ayi, koma kupikisana ndi munthu wamkulu wosaoneka.

Mawu amenewa ndi amene adamasula mfundo. Anyamatawo adagwirizana malamulo anayi. Loyamba, galimoto iliyonse ipangidwire pansi pa mango pomwepo, aliyense akuona. Lachiwiri, pasakhale chinthu chogula. Mawaya, zitini ndi malegeni ziunjikidwe pamodzi n'kugawidwa mofanana. Lachitatu, maonekedwe ndi kapangidwe zikhale kwa mwini wake, ngakhale atafuna mateyala khumi. Lachinayi, galimoto inyamule theka la njerwa kupita ku chitsime ndi kubwerako, ndipo oweruza akhale anthu opanda mbale pakati pa opikisanawo. Mkulu uja atamva malamulowo adangofunsa funso limodzi: "Kodi aliyense wavomera ndi pakamwa pake?" Onse adavomera, ngakhale mwana wa mmisiri uja adavomera atazolika.

M'mawa mwake mnyamatayo adadabwitsa anzake pobwera ndi chida cha bambo wake chopindira waya, n'kuchiika pakati kuti aliyense agwiritse ntchito. Galimoto imene adapanga ndi manja ake idali yopendekeka, ndipo pa tsiku la mpikisano idaguluka teyala pafupi ndi chitsime. Iye adakhala pansi, n'kulimanga yekha ndi legeni, n'kumaliza ulendo wake ali wachinayi. Nkhunda zidapita kwa mnzake wa masipuling'i uja, ndipo panalibe wong'ung'udza.

Nkhani ya anawa ndi yaing'ono, koma mfundo zake zimakhudza bwalo la mpira, chipinda cha mayeso, ngakhale chisankho cha atsogoleri. Lamulo labwino limapangidwa mpikisano usanayambe, pamene palibe akudziwa amene lidzamukomere. Limavomerezedwa ndi onse amene lidzawamange. Limaletsa dzanja lobisika, koma limasiyira nzeru malo. Lamulo lopangidwa wina atatsogola kale, ngakhale likhale labwino chotani, limaoneka ngati nsanje.

Lole yofiira ija idakhala pa khonde mpaka mababu ake adachita dzimbiri. Imene mwini wake ankayenda nayo tsiku ndi tsiku, popita ku chigayo ndi kokadyetsa mbuzi, idali yopendekeka ija.