Kodi Makalata Anu Akugona Kuti?

Kale munthu akafunsa komwe kaundula wa ana a madrasa amasungidwa, yankho silinkavuta. Bukulo linkagona m'sutikesi ya malata kunyumba kwa mwalimu, kapena m'kabati ya kumzikiti, ndipo aliyense wa m'komiti ankadziwa amene akusunga kiyi. Likasowa, woti afunsidwe ankadziwika. Masiku ano aphunzitsi ambiri tili ndi laputopu, ndipo mukatifunsa funso lomwelo timayankha msangamsanga kuti, "Zonse zili mu Documents." Yankholi limamveka lokwanira, koma pa makompyuta ambiri dzina loti Documents limatha kuimira malo awiri osiyana, ndipo kawirikawiri mwini wake sadziwa kuti makalata ake ali kuti pa malo awiriwo.

Ine ndimaphunzitsa kuno ku Luchenza, komwe makolo a ana anga ambiri amagwira ntchito m'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje kapena kuchita geni pamsika. Zimene timalemba pa kompyuta si zachibwana ayi. Muli mayina a ana ndi a makolo awo, pomwe mwana aliyense wafika pa kuwerenga, mafunso a mayeso, ndalama zimene makolo asonkha, ndiponso mndandanda wa ana amasiye amene amalandira thandizo. Makompyuta athu ambiri anachita kutumizidwa ndi abale a ku Johannesburg, monga zilili kwa inu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, ndipo amafika atakonzedwa kale ndi munthu wina. Nkhaniyi imayambira pa kukonza kumeneko.

Kompyuta ya Windows ili ndi mafoda ake a chibadwidwe, ndipo odziwika kwambiri ndi atatu: Desktop, Documents ndi Pictures. Mukamalemba kalata mu Word kapena kuwerengera ndalama mu Excel n'kudina Save, pulogalamuyo imapita ku malo amene inauzidwa kale, ndipo mapulogalamu ambiri amangotsata komwe Windows yanena kuti Documents ili. Tsono mu Windows 10 ndi Windows 11 mumabwera pulogalamu ya Microsoft yotchedwa OneDrive, imene mpaka 2014 inkatchedwa SkyDrive. Munthu akalowa ndi akaunti ya Microsoft n'kuvomera kuti mafoda ake azisungidwanso pa intaneti, mafoda atatu aja amasamutsidwa n'kulowa m'kati mwa foda ya OneDrive. Dzina silisintha, ndipo pamaso zonse zimaoneka monga dzulo. Chakudza sichiimba ng'oma. Chimene chasintha ndi adiresi yokha, ndipo kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimene mwasunga chimakoperedwa ku malo amene amawatchula kuti cloud, kutanthauza mtambo.

Mtambo umenewu suli kumwamba. Ndi nyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta a kampani, monga zimene Microsoft inatsegula ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019. Choncho kuika makalata mu mtambo kuli ngati kusungitsa chimanga m'nkhokwe ya mnansi. Kusungitsa si kulakwa, koma wosungitsa ayenera kudziwa kuti nkhokweyo ndi ya yani, kiyi ali ndi ndani, ndiponso ngati m'nyumba mwatsalako ufa wa lero.

Choyamba chofunika kuchidziwa ndi chakuti si fayilo iliyonse imene mukuiona pa kompyuta yomwe ilimodi. Kuyambira 2017 OneDrive imatha kuonetsa dzina la fayilo pomwe fayiloyo ili pa intaneti pokha. Yang'anani kachizindikiro ka pambali pa dzinalo. Kamtambo kabuluu kakutanthauza kuti fayiloyo singatseguke popanda intaneti. Kachongi kobiriwira m'kabwalo koyera kakutanthauza kuti ilimo pakadali pano, koma ikhoza kubwezedwa ku mtambo pofuna kupeza malo. Kabwalo kobiriwira konse kokhala ndi chongi choyera ndiko kakunena kuti fayiloyo izikhala m'kompyutamo nthawi zonse. Kwa anthu amene intaneti yawo siduka, kusiyana kumeneku n'kochepa. Kwa ife amene timalumikiza laputopu ku foni, ndipo bandulo imatha pakati pa mwezi, n'kusiyana kwa pakati pa kulembetsa mayeso Loweruka ndi kubweza ana kunyumba.

Chachiwiri, ntchito ya OneDrive ndi kufananitsa mbali ziwiri, osati kusunga padera. Ili ngati galasi: chimene mwachita kuno chimachitikanso uko. Mukafufuta fayilo pa laputopu imafufutikanso mu mtambo, ndipo wina akaifufuta pa foni yake imene ili pa akaunti yomweyo, idzasowanso pa laputopu yanu ikangolumikizidwa. Mwayi ulipo ndi wakuti pa akaunti ya munthu wamba zofufutidwa zimadikira masiku 30 mu Recycle bin ya pa intaneti. Masikuwo akadutsa, zapita.

Chachitatu ndi malo ndi ndalama. Akaunti yaulere ya OneDrive ili ndi 5 GB yokha. Makalata olembedwa sadya malo ambiri, koma zithunzi za pa ukwati ndi mawu ojambulidwa a ana akuwerenga zimadzaza msanga. Akaunti ikadzaza, zatsopano zimaleka kukwera ngakhale mwini wake akukhulupirira kuti zonse zili pabwino. Komanso chilichonse chokwera chimadya bandulo. Ambiri amadabwa kuti bandulo yatha asanatsegule n'komwe intaneti, osadziwa kuti kompyuta inali kalikiliki kutumiza zithunzi za mu Pictures.

Mnzanga wina wophunzitsa pa madrasa ya kufupi kuno analandira laputopu kuchokera kwa mlamu wake wa ku Durban. Anaigwiritsa ntchito miyezi ingapo bwinobwino, mpaka m'mawa wina anapeza foda ya mayeso ndi ya zosonkha za makolo palibe. Titayang'ana pamodzi tinapeza kuti laputopuyo inali ikadali pa akaunti ya mlamu uja. Iyeyo, ataona uthenga woti malo adzaza, anafufuta pa foni yake mafoda amene sankawadziwa. Panalibe wa mtima woipa, ndipo popeza masiku 30 anali asanakwane, zonse zinabwezedwa titamuimbira foni. Koma chimene chinatikhalitsa chete ndi china. Miyezi yonseyo mayina a ana amasiye, midzi yawo ndi mavuto a m'mabanja mwawo zinali pa foni ya munthu wa kutali amene sizinkamukhudza. Amayi amene anafotokoza za umphawi wawo anauza mwalimu, sanauze mlamu wa mwalimu. Zinthu zotere ndi amana, ndipo kuyambira 2024 dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act loteteza mbiri za anthu.

Sindikunena kuti mtambo ndi mdani. Ife a kuno kumwera tikukumbukira bwino namondwe wa Freddy wa mu March 2023, pomwe madzi ndi matope zinawononga nyumba ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Blantyre. Mapepala a sukulu, ziphaso ndi mabuku zinanyowa kapena kukokoloka, ndipo sutikesi ya malata sinathandize. Chimene chinali mu mtambo madzi sanachikhudze. Laputopu ikabedwa kapena kufa chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, makalata a mu mtambo amapezekanso pa kompyuta ina. Inu a m'mbali mwa nyanja, amene mwaona madzi akulowa m'nyumba, mukudziwa phindu lake. Vuto limabwera pomwe munthu wasungitsa katundu asakudziwa kuti wasungitsa.

Pa madrasa yathu timachita motere, ndipo banja lililonse likhoza kuchita chimodzimodzi. Laputopu ikafika, chinthu choyamba ndi kuona akaunti imene ilimo. Dinani kamtambo ka OneDrive ka m'munsi pafupi ndi wotchi, mulowe mu Settings, muone dzina ndi imelo. Ngati ndi za munthu wina, koperani makalata anu pa fulashi musanachotse akauntiyo. Kenaka dinani kumanja pa foda ya Documents, musankhe Properties, muwerenge adiresi yake. Ngati mu adiresimo muli mawu oti OneDrive, dziwani kuti mukusungitsa. Pa Manage backup mungathe kusankha mafoda oti azikwera ndi oti asamakwere. Ife tinasiya Documents kuti izikwera pa akaunti ya madrasa, imene pasiwedi yake amaidziwa anthu awiri a m'komiti, koma Pictures tinaizimitsa. Mukazimitsa foda n'kuona kuti yakhala yopanda kanthu musachite mantha, pakuti makalata akale nthawi zambiri amatsala mu foda ya OneDrive, ndipo mungathe kuwabweza nokha.

Mafoda amene timawafuna tsiku ndi tsiku tinawadina kumanja n'kusankha Always keep on this device, kuti azitseguka ngakhale netiweki itavuta. Mu Word, pa File, Options, kenaka Save, pali poti muuze pulogalamuyo kuti izisunga m'kompyuta momwemo. Foni imene timalumikizirako tinaiika kukhala metered connection kuti bandulo isamathe mwachinsinsi. Ndipo kumapeto kwa teremu iliyonse timakopera zonse pa fulashi n'kusindikiza kaundula papepala, chifukwa galasi si nkhokwe. Amene ali ndi kompyuta ya Apple adziwe kuti iCloud nayo imatha kutenga Desktop ndi Documents, ndipo Google Drive ingathenso kuuzidwa kuti izikopera mafoda omwewa.

Makolo anzanga, m'mabanja ambiri amene amakonza kompyuta ndi mwana, ndipo ife akulu timachita manyazi kufunsa. Safunsa anadya phula. Muitaneni mwanayo madzulo ano akuonetseni zinthu zitatu: akauntiyo ndi ya yani, pasiwedi akuidziwa ndani, ndipo ndi makalata ati amene angatseguke intaneti itazima. Mapepala a munda, a sukulu ndi a ukwati ndi anu, ndipo mwini katundu ayenera kudziwa komwe katundu wake akugona.