Galaja ya m'thumba

Anthu amene sanagwirepo PSP amaganiza kuti masewero a mpikisano wa magalimoto ndi nkhani ya liwiro basi. Ine, amene ndinathera zaka zingapo pa Midnight Club 3: DUB Edition, ndikukana. Theka la nthawiyo, mwinanso kupitirira, ndinkakhala m'galaja ya m'seweromo, galimoto ili chiimire, ndikusankha marimu.

Kampani ya Sony inatulutsa kachipangizoka ku Japan kumapeto kwa 2004, ndipo sewero la Rockstar limeneli linafika pa PSP mu 2005. Kwathu kanafika patapita zaka, kuchokera ku Joni m'chikwama cha msuweni wanga, galasi lake litakalikakalika kale. Seweroli linali pa kachimbale kakang'ono ka UMD, ndipo mpikisano usanayambe munkadikira kachimbaleko kakusokosera m'kati, nthawi yoti n'kukamwa madzi n'kubwerako. Koma magetsi akazima, mawayilesi a kanema onse ali zii, ine ndinkakhala ndili m'misewu ya San Diego, Atlanta ndi Detroit mpaka batire litatha.

Mumayamba ndi galimoto wamba, monga Volkswagen Jetta kapena Golf. Mukapambana mumalandira ndalama, ndipo apa mpamene mtima wa munthu umaonekera. Mutha kugula zida za injini, matayala ogwira msewu, kapena nitro yokukankhani ngati mwaponyedwa ndi legeni. Muthanso kugula penti yosinthasintha mtundu, timagetsi ta neon ta kunsi kwa galimoto, marimu aakulu onyezimira, zinthu zosawonjezera liwiro ngakhale pang'ono. Msuweni wanga ankathira zonse mu injini, galimoto yake n'kumaoneka ngati ya maliro. Ine ndinkayamba ndi penti. Eni seweroli ankatidziwa bwino anthu ngati ife: dzina loti DUB analitenga ku magazini ya ku America yolemba za magalimoto okongoletsedwa.

Chimene chimandidabwitsabe n'choti panalibe wondionera. Galasi la PSP ndi la mainchesi 4.3, anthu awiri salioneramo bwino. Ndinkatchenetsa galimoto yoti woiona ndi ine ndekha, ndili m'bulangete, komabe mtundu wa rimu unkandivutitsa maganizo ngati ndikusankha suti ya ukwati. Ndikuganiza kuti pamsinkhu umenewo, nsapato ndi yunifolomu zonse zikuchita kundisankhira ena, m'galajamo ndi mokhamo mmene munthu ankandifunsa kuti ndikufuna chiyani.

Lero ndili ndi galimoto yeniyeni, Toyota Vitz yakale ya ku Japan imene inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Mtundu wake sindinasankhe, ndinasankha mtengo. M'seweromo ndinkatsitsa galimoto mpaka kutsala pang'ono kukhudza phula, pomwe kuno chinthu choyamba chimene ndinapempha makaniko ndi kuikweza, kuopa mahampu ndi maenje a m'dzinja. Ndalama imene ikanagula marimu imathera ku mashoka.

Galaja ija ndimaionabe kwa anyamata a kabaza. Pali mmodzi pa siteji ya kwathu amene njinga yake ili ndi timagalasi tinayi, mpando wosokedwa ndi ulusi wofiira, ndi timagetsi tabuluu m'masipoko. Palibe n'chimodzi chomwe chimene chimamuthandiza kukwera chitunda. Pakakhala akabaza asanu, ine ndimakwera yake.