Nyali za Khirisimasi Zitulutsa Anansi M'nyumba

M'mwezi wa December, pamene mlimi wa kuno ali kalikiliki kupalira cimanga, anthu a mu mzinda wa New York ku America amakhala m'cisanu coopsa. Dzuwa limalowa ca m'ma 16.30 koloko, ndipo masiku ena madzi amauma gwa ngati mwala. Munthu akaweruka ku nchito amathamangira kwao ndi kutseka citseko, kotero kuti angathe masabata osaonana ndi mnansi wake.

Koma ku Dyker Heights, dera lina la mzindawo, muli mwambo umene unakula m'zaka za m'ma 1980. Eni nyumba amapacika nyali zing'onozing'ono za magetsi pa madenga, m'mitengo ndi pa mipanda. Mdima ukagwa, mabanja amabvala makhoti okhuthala ndi zipewa zaubweya, natuluka kukayenda pansi m'miseu ya pakati pa 83rd Street ndi 86th Street. Ana amatsogola, agogo amatsata pang'onopang'ono, ndipo onse amaima pa khomo lililonse kucita cidwi. Anthu amene masana apitirirana osalonjerana, usiku umenewo amaceza, mpweya wao uli kufuka ngati utsi.

Kale mitengo ya Khirisimasi inali kuwalitsidwa ndi makandulo, amene nthawi zina anali kutentha nyumba. M'caka ca 1882, Edward Johnson, mnzake wa Thomas Edison, anaika nyali za magetsi 80, zofiira, zoyera ndi zabuluu, pa mtengo m'nyumba mwake mu New York momwemo. Pambuyo pake nyali zotere zinafika panja, poonera aliyense.

Mabvuto sanalephere. Alendo atayamba kubwera ndi mabasi, miseu inadzaza ndi zinyalala, ndipo m'caka ca 2019 khonsolo ya mzinda inaletsa ogulitsa zakudya m'miseu ya deralo pa nyengo imeneyi. Ngakhale zinatero, nyali sizinazime.

Cofunika kuganizira, awerengi, ndi ici: mwini nyumba ndiye amakwera makwerero m'mphepo yozizira, ndiyenso amalipira magetsi, koma akakhala m'kati saziona nyali zakezo. Amayatsira wodutsa panjira amene samdziwa ndi dzina lomwe. Akulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. M'dziko la cisanu, anansi apeza njira yao yokumbutsana mau amenewa.