Ulendo wa ku Balaka, Kwao kwa Oimba

Munthu wocokera ku mapiri a Ntcheu akatsika ndi mseu waukuru wa ku Blantyre, nafika pa mphambano ya Chingeni, pamene anamangapo cipata cokhometsa magalimoto m'caka ca 2021, napatukira ku dzanja lamanzere, sacedwa kuzindikira kuti walowa m'dziko lina. Kamphepo kozizira ka ku mapiri katsalira m'mbuyo, dziko liyalika ngati mphasa, ndipo malambe aimirira apa ndi apo pakati pa minda ya thonje ndi nandolo. Kumeneko ndiko ku Balaka. Ife tinafikako m'mwezi wa Novembala, mvula isanagwe, dzuwa likuswa mtengo, anthu atatha kale kusosa ndi kuunga mizere, maso ali kumwamba.

Mzinda wace suli waukuru. Njanji yocokera ku Blantyre kunka ku Salima ipyola pomwepo, ndipo cakumwera pang'ono, pa Nkaya, ikomana ndi ina yonka ku Nacala ku nyanja ya mcere, imene anaitsegula m'caka ca 1970. Kale dera ili linali mbali ya boma la Machinga. Linakhala boma palokha m'caka ca 1998. Abambo a cipani ca Montfort, amene anayamba nchito yao m'dziko muno pa Nzama m'caka ca 1901, anafika ku Utale m'caka ca 1908, ndipo parishi ya m'mzindamo ichedwa dzina la Louis Woyera wa ku Montfort, tate wa cipani cao.

Koma cimene cinamveketsa dzina la Balaka m'dziko lonse ndico nyimbo. M'caka ca 1978, pa parishi imeneyi, anyamata ena motsogozedwa ndi Paul Banda, ndi cithandizo ca Bambo Mario Pacifici wocokera ku Italy, anayamba gulu la Alleluya Band. M'gulumo munakulira oimba ambiri, mwa iwo Lucius Banda, mphwace wa Paul, amene anatisiya m'caka ca 2024. Ndipo maimbidwe ao anafala kotero kuti anthu akamva pa wailesi gitala wolira mwa mtundu umenewo amangoti, Za ku Balaka izi. Cifukwa cace mwana wa kuno akatola cigubu ca mafuta ndi waya wa buleki ya njinga, ganizo lace loyamba ndilo kupanga banjo, ndipo m'midzi yozungulira mzindawo timagulu ta oimba tacuruka ndithu.

Tinali ndi nchito ku chalichi cina cacing'ono ca kumudzi, ulendo wa maora awiri pa njinga ya kabaza, ndipo tinafikako pa 22 Novembala, tsiku la Sesiliya Woyera, nkhoswe ya oimba. Itatha Misa, anthu anasonkhana pansi pa mitengo ya mango, amai pa mphasa, abambo pa mipando ya m'sukulu, ana m'pfumbi patsogolo ndi ena m'nthambi. Ndipo magulu awiri a acinyamata anapatsidwa bwalo.

Gulu loyamba linali la anyamata asanu, amene anabwereka m'mzinda magitala a magetsi, kiyibodi, jenereta ndi cokuzira mau. Tinene zoona, mau ao anali okoma, ndipo nyimbo zao anazipeka okha, zina za mau anzeru kuposa msinkhu wao. Koma taonani cimene cinacitika. Anayamba kukunga nsambo za magitala anthu ali cipenyere, nacedwa nazo kufikira amai anayamba kukambirana za mtengo wa feteleza. Atayamba nyimbo, cokuzira mau cija cinalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, makanda nadzidzimuka ku msana. Woimba wao anagwira pepala la mau a nyimbo m'dzanja, maso ali pa pepalapo, ndipo akakweza mutu anayang'ana mnzace wa kiyibodi, anthu atawafulatira. Nyimbo ikatha, panali cete, iwo ali kunong'onezana ndi kutsutsana za nyimbo yotsatira. Pofika nyimbo yacinai ana anali atapita kukagenda mango.

Za kulira kwa cipangizo cija tifotokozepo pang'ono, pakuti bvuto limeneli lisautsa ngakhale makwaya m'machalichi mwathu. Anyamatawo anaika cokuzira mau kumbuyo kwa woimba. Tsono mau oturuka m'menemo analowanso m'maikolofoni, nakuzidwa kaciwiri, naturuka, nalowanso, kuzungulira comweco kufikira anasanduka mpfuu. Mankhwala ace sagulidwa m'sitolo. Cokuzira mau ciime patsogolo ca pambali, cipenye kwa anthu, woimba ali kumbuyo kwace. Ndipo iye aike maikolofoni pafupi ndi pakamwa, osapfumbata mutu wace ndi dzanja. Ndipo zonsezi ziyesedwe anthu asanasonkhane, monga mai alawa ndiwo ku khichini alendo asanasambe m'manja.

Gulu laciwiri linali la anthu anai, anyamata awiri, mtsikana ndi kamnyamata ka zaka ngati khumi. Zoimbira zao anapanga okha: banjo ya cigubu, ng'oma yoponda ndi phazi, masece, ndi babatoni. Kwa inu amene simunaione, babatoni ndi ng'oma yaikuru yokutidwa ndi cikopa, yokhala ndi mtengo wautali ndi nsambo imodzi yokha. Woimba aikhalira, nakoka nsamboyo ndi dzanja limodzi, lina likuyendetsa botolo pa nsambopo kuti mau akwere ndi kutsika. Onse anai anabvala malaya osokedwa pa nsaru imodzi, yosadula, koma yocapa ndi yosita bwino.

Iwowa anakunga nsambo zao kuseri kwa sukulu. Zolemera anazitula kale pa bwalo, ndipo ataitanidwa anaturukira ali m'mzere, banjo ndi masece zikulira, nyimbo ili pakamwa. Ana a ku mango aja anabwerera ali liwiro. Atafika, mtsogoleri wao anagwada pang'ono kwa amfumu ndi akuru a mpingo, napereka moni m'mau owerengeka, nayamba. Nyimbo yoyamba inali yodziwika kwa onse, yakuti iye atsogolere amai abvomereze. Ndipo atatha kuwakoka mtima ndi imeneyo, ndipo pamene anaturutsa zao zatsopano, zimene anthu anazichera khutu cifukwa anali atayamba kale kukhulupirira oimbawo. Nyimbo ikatha, inzace inali itayamba, pakuti anapangana kale mndandanda wace. Mtsikana uja poimba anayang'ana anthu kumaso, tsopano agogo a kumanja, tsopano ana a patsogolo, kotero kuti yense anayesa kuti aimbira iye.

Pakati pa nyimbo yacitatu nsambo ya banjo inaduka. Tinati zatha. Koma wa ng'oma sanaleke, wa babatoni anakweza dzanja, mtsikana nayamba kuomba m'manja, khamu lonse nkumtsata. Ndipo mwini banjo anapatuka pang'ono, namanga nsambo yace osathamanga, nalowanso pa malo oyenera, anthu nampfuulira nthungululu yoposa ya poyamba. Sitikuti analibe cirema. Ng'oma yao inakula mau kwambiri, nimeza mau ena a mtsikanayo, ndipo nyimbo yosamveka mau ace yataya theka la mphamvu yace; mtsogoleri nayenso cakumapeto anatengeka ndi citamando, nalumphalumpha koposa muyeso. Koma nyimbo yotsiriza anaidula onse pamodzi, pa kugunda kumodzi, ngati nkhwangwa yagwa pa cipika.

Tinafunsa mtsogoleriyo kumene anaphunzira zimenezi, popeza sanapite ku sukulu ya zoimba. Anati agogo ace anali a beni. Ndipo madzulo ace tinamvetsa mau amenewa, pakuti akuru a mudzi woyandikana, ambiri a iwo Asilamu, anadza mwa cibale kudzabvina beni pa bwalo lomwelo.

Gule ameneyu anayambira m'mizinda ya Aswahili ya m'mbali mwa nyanja ya mcere, monga Mombasa ndi Lamu, m'zaka za m'ma 1890, potsanzira mabandi a malipenga a asilikari a Azungu. Ndipo dzina lakuti beni licokera ku liu lomwelo la bandi. Anafala kufika kuno makamaka ndi asilikari ndi atengatenga a nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Abale ace ndiwo mganda wa ku cigawo ca pakati ndi malipenga a ku Nkhata Bay, kumene amuna obvala zoyera aliza zikho zouma m'malo mwa malipenga a mkuwa. Tinapenya akuru aja, ena a imvi mbuu. Sanalowe m'bwalo monga olowa m'msika. Anafola kutali, nabwera ndi mayendedwe a asilikari, zidendene zikugunda pamodzi, zifuwa zili patsogolo. Mtsogoleri akaliza kherere kamodzi, onse atembenuka. Akaliza kaciwiri, onse aima nji. Panalibe wofunsa mnzace cocita. Pamenepo tinaona kuti zimene anyamata a magetsi aja anasowa zinali pa khomo pao penipeni, kwa agogo ao, amene adziwa kuyambira kale kuti anthu aona woimba asanamumve, ndi kuti kalowedwe ndi katurukidwe zili mbali ya gule.

Koma wina asayese kuti tikuti woimba yense azibvina. Ambiri a inu munamva za Madalitso Band, amuna awiri, Yobu Maligwa wa babatoni ndi Yosefe Kalekeni wa gitala ndi ng'oma ya phazi, amene anaimba zaka zambiri m'miseu ya Lilongwe, naitanidwa ku Sauti za Busara ku Zanzibar m'caka ca 2017, napita pambuyo pace kukaimba m'maiko a ku Ulaya. Iwowa aimba ali cikhalire, ndi zoimbira zosadula. Koma nkhope zao zili kwa anthu, cimwemwe cao cioneka, ndipo ng'oma yao siipuma, kotero kuti khamu libvina m'malo mwao. M'mseu munthu wodutsa sakakamizidwa kuima. Aima pokhapo ngati woimba wamgwira maso. Sukulu imeneyo njowawa, koma iphunzitsa msanga.

Pano tionjezepo mau amodzi kwa ana athu a m'kwaya, pakuti ambiri a timagulu timeneti ndi omwewo aimba pa Misa m'mawa. M'chalichi woimba ali mtumiki wa pemphero. Akokere maso a anthu ku guwa, iye mwini nacepe. Pa bwalo nchito yace ndi yina: iye ndiye mwini nyumba, anthu ndiwo alendo ace, ndipo mwini nyumba wofulatira alendo, kapena wowasiya cete pa mphasa iye ali kukangana ndi mkazi wace za nkhuku yoti aphe, sitimuyesa wodzicepetsa ai. Ena ayesa kuti kuweramitsa mutu ndi kubisala kumbuyo kwa mnzao ndiko ulemu wa Cikristu. Davide mfumu anabvina pamaso pa Likasa ndi mphamvu yace yonse, ndipo Malembo sadzudzula iye, koma Mikala amene anampeputsa. Cimene tiletsa ndi cina: kabvinidwe konyazitsa pamaso pa makolo, ndi mwambo uja woipa wakuti woimba ayambe wamwako kacasu kuti acotse mantha. Kacasu acotsa mantha pamodzi ndi makutu, ndipo woledzera ndiye wotsiriza kudziwa kuti nsambo yace yafwifwa.

Mantha eni ace acoka ndi cizolowezi, ndipo apa mpamene inu makolo mungathandize. Ana anu akamaphunzira nyimbo, amabisala m'kanyumba, atakhala mozungulira, akuyang'anana. Tsono tsiku la bwalo ndilo loyamba kuona nkhope za anthu, ndipo miyendo igwedezeka. Aitaneni madzulo mutadya, mwezi ukawala, aime pa khonde monga adzaimira pa bwalo, inu ndi anansi mukhale pabwalo. Alowe, apereke moni, aimbe nyimbo zitatu zolumikiza, aturuke. Pepala la mau lisiyidwe m'nyumba. Ndipo muwauze zoona: mau sanamveke kuno ku nkhokwe, ng'oma yakula, iwe unayang'ana zala zako nyimbo yonse. Agogo akanena comweco mwana samva cisoni monga akamva kwa khamu la alendo. Mudziwitsenso wamanyazi kuti asankhe nkhope imodzi yomkonda pakati pa anthu, aimbire imeneyo poyamba, kenaka afunefune ina.

Tisanacoke m'mawa mwace, akuru a mpingo anaitana magulu onse awiri pa khonde la chalichi. Anyamata a magetsi aja anadza ndi nkhope zakugwa, akuyesa kuti adzudzulidwa. Koma mkuru wina anawayamikira nyimbo zao, nachula mau a imodzi imene iye anaimva bwino ngakhale panali phokoso lija, napempha kuti aiphunzitse kwaya. Anapangana kuti pa Khrisimasi adzaimbanso onse, a magetsi adzayamba kuyesa zipangizo zao Misa isanalowe, ndipo Loweruka liri lonse kufikira tsikulo magulu awiriwo adzapita pamodzi kwa agogo aja a beni, amene analonjeza kubwera ndi kherere wao.