Nkhalamba Yoyang'ana Kunyanja

M'mapiri a ku Dedza, chakum'mawa kwa Bembeke, dziko limathera mwadzidzidzi pa chiphedi chotsikira ku Golomoti ndi ku Mtakataka. Tsiku limene nkhungu yachoka msanga, munthu woimirira pamenepo amaona nyanja ya Malawi ikunyezimira chapatali. M'zaka za m'ma 1970, m'mudzi wina wa m'mphepete mwa chiphedi chimenechi munali nkhalamba imene inkakonda kukhala pathanthwe, itafunda bulangete, maso ali kunyanja. Ana ankaitchula kuti agogo a sitima.

Dzinali silinali laulemu. Agogowa akamwa kathobwa pang'ono ankayamba kusimba kuti paunyamata wawo anali m'sitima ya pamadzi imene inawombera sitima ya Ajeremani. Achinyamata ankangogwirana m'nthiti ndi kuseka. Munthu wa kumapiri, wolima kachewere, wosadziwa ngakhale kupalasa bwato, nkhondo ya pamadzi akanaionera kuti? Ngakhale ana awo enieni ankati ukalamba wawasokoneza mutu, ndipo nkhaniyo ikayamba ankapeza chifukwa chochokera pamoto.

M'chaka cha 1978 mdzukulu wawo wamkazi anali mu Fomu 3 pasukulu ina yogonera konko. Tsiku lina mphunzitsi wa mbiri yakale anafotokoza m'mene Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse inafikira ku Nyasaland. Britain italengeza nkhondo pa 4 Ogasiti 1914, boma la ku Zomba linaopa sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann, chifukwa wolamulira nyanja ndiye akanalamulira njira yopita kumpoto. Pakati pa mwezi womwewo, sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, inapeza sitima ya Ajeremaniyo itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe pa dooko la Sphinxhafen, limene lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania. Guendolen inawombera ndi mzinga wake. Kaputeni Berndt wa Ajeremani, yemwe anali bwenzi la Rhoades, anabwera pa kabwato ali wolusa, poganiza kuti mnzakeyo waledzera, pakuti uthenga wa nkhondo unali usanamufike. Anagwidwa pomwepo. Olemba mbiri ambiri amati uku ndiko kunali kupambana koyamba kwa Angerezi pamadzi m'nkhondo yonseyo.

Kalasi yonse inafa nalo phwete pomva za kaputeni wosadziwa kuti kuli nkhondo. Mtsikana uja yekha sanaseke. Nkhani imeneyi anali ataimva kambirimbiri pamoto kwawo, mpaka za mzungu wolalata ali m'kabwato. Manyazi anamugwira pokumbukira kuti nayenso ankaseka nawo.

Tchuthi chitafika, iye analondola agogo ake kuthanthwe kuja, nagwada pambali pawo.

"Agogo, ndabwera kudzapepesa. Zimene mumanena zija ndazipeza m'buku la kusukulu."

"M'bukumo alembamo dzina langa?" anafunsa agogowo.

"Iyayi, agogo. Alembamo a azungu awiri okha."

Nkhalambayo inaseka chapansipansi. "Khala bwino, mdzukulu wanga, ndikuuze zimene buku lakolo silidziwa."

Anasimba kuti anatsika chiphedi ali mnyamata, kukafuna ndalama ya msonkho wa nyumba, mpaka anafika ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi. Kumeneko analembedwa ntchito yosonkhezera moto m'sitima. Sitima za masiku amenewo zinkayendera nthunzi, ndipo ng'anjo yake inkadya nkhuni usana ndi usiku. Pa tsiku la nkhondo lija iwo anali pansi, m'chipinda chotentha ngati uvuni, thukuta lili kamukamu. Anangomva sitima ikunjenjemera ndi kulira kwa mzinga. Sanadziwe ngati atuluka amoyo, ndipo panalibe amene anawauza chifukwa chimene azungu omwera pamodzi dzulo anali kuwomberana lero. Atakwera pamwamba ndi pamene anaona kaputeni wa Ajeremani akukalipa.

"Zoseketsa zinathera pomwepo," anatero agogowo. "Zotsatira zake sizinaseketse munthu."

Nyanja itakhala m'manja mwa Angerezi, inasanduka msewu wa nkhondo. Sitima zinkanyamula asilikali, zida ndi chakudya kupita ku Karonga, kumene kunamenyedwa nkhondo pa 9 Seputembala 1914, ndi kutsogolo kwake. M'mwezi wa Meyi 1915 Angerezi anabwereranso ku Sphinxhafen kukaonongeratu sitima ija. Koma katundu akatsitsidwa padooko ankafunika mitu ya anthu. Motero amuna anatengedwa m'midzi, ambiri mokakamiza, kukagwira ntchito yamtengatenga. Pomafika 1918, dziko la Nyasaland linali litapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Ochuluka anafa ndi njala, kamwazi, malungo ndi kutopa, osati ndi chipolopolo. Anthu anaitcha nkhondoyi kuti ya Chiwaya, potengera mfuti ya chiwaya.

Apa mawu a agogo anayamba kunjenjemera. Tsiku lina, akutulutsa phulusa, anaona mng'ono wawo weniweni pakati pa amtengatenga othithikana m'sitimamo. Analankhulana pang'ono, namugawira mbatata yootcha pang'anjo. Usiku wonse anaponya nkhuni pamoto wotengera mbale wawo kumpoto, ndipo sanamuonenso. Kumudzi sikunabwere kalata kapena mtembo. Amayi awo anamwalira akuyang'anabe kunjira.

"Anzanga onse a m'sitima amene ndinkawadziwa anapita," anatero. "Ndikapita ine, ndani adzadziwe kuti mwanayo anakhalako?"

Mtsikanayo anazindikira tsiku limenelo kuti agogo ake sankayang'ana kunyanja chifukwa chonyadira nkhondo. Anatenga kope lake la sukulu, ndipo kwa masiku anayi analemba zonse zimene iwo ananena. Atatha anawerengera amayi ake ndi amalume ake. Amalumewo anakhala duu kwa nthawi, kenaka ananyamuka kupita kwa mfumu.

Anthu atamaliza kukolola, mfumu inaitanitsa mudzi wonse pabwalo. Panalibe mendulo kapena lipenga. Amayi anaphika thobwa, anapha nkhuku, ndipo nkhalambayo anaikhazika pampando wa mfumu, itafunda bulangete latsopano. Kwa nthawi yoyamba inasimba nkhani yake kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto popanda woidula pakamwa. Pomaliza inapempha chinthu chimodzi: kuti banja lililonse litchule dzina la munthu wake amene anapita ku Chiwaya osabwerako. Poyamba panali zii. Kenaka gogo wina wamkazi anatchula dzina la bambo ake, wina la malume ake, mpaka mayina anakwana khumi ndi anayi. Achinyamata oseka aja anazyolika. Mfumu potseka inati, "Tinali ndi nkhokwe pakhomo, ife n'kumagona ndi njala."

Agogowo anamwalira m'chisanu cha 1979. Patapita zaka, mdzukulu uja, atakhala mphunzitsi, anapita ku Mangochi nakaona mzinga wa Guendolen umene unaikidwa pafupi ndi nsanja ya wotchi, m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Anadabwa kuchepa kwake. Anaugwira ndi dzanja, nakumbukira kuti chitsulo chinasungidwa bwino, pamene anthu amene ankasonkhezera moto pansi pake sanalembedwe pena paliponse. Anamvanso kuti m'zaka za m'ma 1970 wolemba mbiri Melvin Page, pamodzi ndi ophunzira a ku Chancellor College, anayenda m'midzi kufunsa otsala a nkhondo imeneyo, ndipo mawu awo anatuluka m'buku lotchedwa The Chiwaya War m'chaka cha 2000. Akanachedwa zaka khumi zokha, ambiri mwa anthuwo akanawapeza ali kumanda.

Lero palibenso ndi mmodzi yemwe wotsala wa nkhondo ya Chiwaya. Amene anamenya Nkhondo Yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma, atsala owerengeka, ndipo zaka zawo zili cha m'ma 100. Chaka ndi chaka, Lamulungu lachiwiri la Novembala, atsogoleri amaika nkhata za maluwa pa zipilala zachikumbutso ku Zomba ndi ku Lilongwe. Mwambowu ndi woyenera, koma nkhata siimva, ndiponso siyankha funso. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ulemu umene nkhalamba ingathe kuulandira ndi wa lero, makutu ake akadamva ndipo lilime lake likadatha kutchula mayina.

Kope lija lilipobe, ngakhale mapepala ake anafiira. Mayi uja anapuma pantchito ndipo anabwerera kumudzi. Nkhungu ikachoka msanga, amatenga adzukulu ake kupita nawo pathanthwe paja, nawaloza kunyanja, n'kuyamba kuwerenga. Amayambira pa dzina la mnyamata amene anadya mbatata yootcha m'sitima yopita kumpoto.