Kalata kwa mphwanga amene wayamba kugona m'njira

Makhuwira, Chikwawa

Wokondedwa mphwanga,

 

Amayi ako andiimbira foni kuti ntchito ija yatheka, ndipo abwana akupatsa lole yoperekera katundu m'mashopu kuyambira pa Dyeratu mpaka ku Nsanje, uzigona konko. Ndakondwera. Koma mlongo wangayo dzina la Nchalo amalitchula monjenjemera, ndiye ndati ndikulembere, poti msewu umenewo ndinayendetsamo lole za thonje ndi shuga iwe usanabadwe.

Sindikuuza kuti uzidzitsekera m'chipinda, chifukwa sungathe. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapyola madigiri 40, ndipo chipinda cha malata cha ku resitihausi chimasunga moto wa masana mpaka pakati pa usiku. Fani, ngati ilipo, imangotembenuza mpweya wotentha womwewo. Magetsi akazima ndiye basi. N'chifukwa chake kuchigwa kuno anthu amachangamuka dzuwa likalowa: mipando kutuluka panja, ziwaya kuyaka, utsi wa kanyenya wa mbuzi kudzaza msewu, uku pulu, uku bawo, uku mpira wa ku England pa kanema. Nawenso udzatuluka, ndipo palibe cholakwa.

Chimene chimagwetsa oyenda n'chakuti munthu akafika kumene sanabadwire amayesa palibe akumudziwa. Bodza limenelo. Chitseko cha lole yako chalembedwa dzina la kampani. Anyamata a kabaza aona pomwe waimika. Mwini shopu amene wakuwerengera ndalama masana ali ndi mlamu wake pa kauntala ya bala yomwe walowayo. Usanamalize botolo loyamba, theka la anthu akudziwa kuti wachokera ku Blantyre, watolera zingati, ndipo ukugona chipinda chiti. Akhoza kukukambirana m'Chisena iwe uli pomwepo ukumwetulira. Usandimve molakwa, Asena ndi Amang'anja amadziwa kulandira mlendo, ndipo ambiri adzakugawira mlamba wawo wootcha osafuna kanthu. Koma pa anthu makumi asanu sipalephera mmodzi amene maso ake ali pa thumba lako. Ndalama za abwana uziike kubanki pa Nchalo kusanade, kapena pa Mpamba kaya Airtel Money. Ku bala upite ndi zodyera ndi zomwera zokha, zako za m'thumba. Lole uimike pamene pali mlonda, umupatse kangachepe ndipo udziwe dzina lake.

Za Nchalo ndinenepo pang'ono, poti ndi pomwe pali nkhawa ya amayi ako. Tauniyo inakula ndi nzimbe. Fakitale inayamba kugaya cha mu 1966 pansi pa Sucoma, Illovo n'kudzatenga mu 1997. Nyengo yodula ikayamba cha mu Epulo kumadzaza amuna ochokera kumtunda, osiya akazi awo ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo amakhala mpaka mvula itayandikira. Kumapeto kwa mwezi ndalama zimatuluka tsiku limodzi, ndipo maminibasi amatsitsa alendo ena amene sanabwerere nzimbe. Ena mwa atsikana amenewo ndi ana enieni, asukulu, othawa njala kwawo madzi atakokolola minda. Ukaona wotere akukusekerera, kumbukira kuti ndi msinkhu wa mlongo wako wamng'ono uja, komanso kuti malamulo athu amati wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Anzanga amene tinkaimika nawo malole pa Nchalo ndi pa Bangula m'zaka za m'ma 1990, ambiri tinawaika m'manda. Anali amuna amphamvu, otha kusintha tayala la lole yekhayekha. Ma ARV aulere anabwera mu 2004, iwo atapita kale. Inu a lero mwaiwala chifukwa simuonanso anthu akuwonda pakhonde, koma kachilombo kalipo. Uli ndi mkazi, ndipo choyenera ukuchidziwa. Komabe ine ndine malume ako, si abusa ako: m'chikwama chako musasowe Chishango. Zikakuvuta, usachite manyazi, thamangira kuchipatala chilichonse chapafupi, kaya ku Montfort pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa boma ku Nsanje, ukapemphe PEP. Mankhwalawo amathandiza ukayamba kumwa maola 72 asanathe, ndipo kufulumira ndiye kwabwino.

Mowa wa kuno ndi womwewo wa kwanu, Chibuku, Green, Kuche Kuche, koma ludzu ndi lina. Munthu amene wakhala m'kabini tsiku lonse amagugudiza mabotolo atatu asanadziwe kuti chimene thupi limafuna ndi madzi. Yamba wamwa madzi a m'botolo, udye nsima, ndiye uone ngati mowawo ukuufunabe. Botolo alitsekule iwe ukuona, ndipo ukapita kukataya madzi usalisiye patebulo. Masacheti boma linaletsa mu 2015, koma zomwezo zinangosamukira m'timabotolo. Timeneto ndi kachasu usayandikire. Ku Nsanje adzakulawitsa uchema. M'mawa umakoma ngati thobwa, koma madzulo ukawira umadula miyendo munthu mutu uli bwinobwino.

Kanyenya udye wochoka pamoto, wotentha. Kachumbari wa tomato ndi kabichi amene watandala pa mbale kuyambira masana umusiye. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nsanje inali m'gulu la maboma oyamba kugwidwa. Neti uyende nayo yako, za m'maresitihausi zimakhala zobooka.

Pali chibwana china cha madalaivala: munthu wafika pa Bangula, waona kuti kwazizira, n'kuliza lole usiku kubwerera ku Nchalo kutsata nyimbo. Msewu umenewo usiku ndi wa ng'ombe, ngolo ndi njinga zopanda nyali. Ukagunda munthu uli ndi fungo la mowa, ntchito yatha, laisensi yapita, ndipo ngati anthu a m'mudzimo afika apolisi asanabwere, kaya. Phiri la pamwamba pa Thabwa nalo silifuna matsire. Potsika ndi katundu ulowe giya yaing'ono uli pamwamba pomwe, usadalire mabuleki, amapsa usanafike pakati.

Ukafika ku Marka anzako adzakunyengerera kuti mudumphe malire kupita ku Vila Nova mukamwe mowa wa Manica kapena 2M wotchipa. Popanda chiphaso usawoloke. Ngakhale mbali ya kuno uziyenda ndi chitupa cha unzika. Lamulo lija la vakabu khoti lalikulu linalikana mu 2017, koma kufotokoza zimenezo pakati pa usiku uli kumbuyo kwa galimoto ya apolisi n'kovuta.

Malo amene ine ndinkawakonda ndi tiyirumu. Amatsekula kusanache, tiyi wamkaka m'kapu yaikulu, sikono kapena mandasi, ndipo m'menemo ndi momwe umamva zoona: mlatho uti wakokoloka, shopu iti ikutseka mwini wake ali ndi ngongole yako, mtsinje uti wadzaza. Nthawi ya dzinja nkhani zimenezi ndi moyo. Namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Marichi 2023 anadula msewu, malole n'kuima masiku angapo. Masiku ongokhala oterowo ndi amene amadya ndalama za dalaivala kuposa usiku wina uliwonse, choncho ukatsekeredwa uimbire abwana ako ndi mkazi wako tsiku lomwelo, adziwe pomwe uli ndi zimene watsala nazo.

Ndime ya Chishango ija amayi ako usawawerengere, angandidule mutu. Pa ulendo woyamba, pobwerera, ukhote pa Thabwa ubwere kuno ku East Bank, ndidzaone ndekha matayala ndi mabuleki a lole akupatsayo.

Ndine malume ako.