Malamulo a Madzi a M'nyumba Mwathu ku Gaborone

Ife amene tinabadwira m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, kumene mwana amadziwa kusambira asanadziwe kuwerenga, tinakula osaganizako n'komwe kuti madzi ndi chinthu chimene munthu angachipime monga apimira ufa m'nyengo ya njala. Amayi athu ankachapa pagombe, natsukuluza zovala kufikira mikono italema. M'mawa uliwonse, asanagwire tsache, ankayamba awaza madzi pabwalo kuti fumbi lisabuke. Ndipo mlendo akafika, angakhale atafika usiku anthu atagona, ulemu woyamba wa pakhomo unali ndowa yodzaza madzi ofunda yoikidwa kubafa ya udzu, ndipo panalibe wolimba mtima woti n'kumufunsa kuti wasamba ochuluka chotani. Otsala ankakhuthulidwa pansi, nthaka n'kumwa.

Koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndinafika ku Gaborone m'zaka za m'ma 1980 kudzagwira ntchito ya uphunzitsi, dziko la Botswana lili pakati pa chilala chimene chinatha zaka zingapo zotsatizana, ndipo ndinapeza mzinda umene, chimangidwire chake m'zaka za m'ma 1960 pamene likulu la boma linkachoka ku Mafeking, unali utatsamiritsa moyo wake pa damu lotseka mtsinje wa Notwane. Mvula ya kuno imangofika mamilimita pafupifupi 500 pa chaka, ndiponso imagwa mosapanganika. Ndipo madzi amene damu lasunga, dzuwa la Okutobala ndi Novembala limamwako gawo lake tsiku ndi tsiku popanda wolitsekereza. Mayi wina wachikulire amene tinayandikana naye ku Broadhurst, wokulira kumudzi kumene madzi ankachokera pachitsime chakutali, ndiye anali mphunzitsi wa akazi anga pa zimenezi, ndipo sanaphunzitse ndi mawu ambiri ayi: ankangonyamula madzi ake otsukira mbale, nawoloka nawo bwalo lonse, nakawathira patsinde pa mtengo wake wa mandimu, ife tikuona.

M'chaka cha 2000 unatha kumangidwa mpaipi waukulu wa makilomita pafupifupi 360, wotenga madzi ku damu la Letsibogo kumpoto, ndipo ambiri a ife tinayesa kuti ludzu la mzinda latha. Komatu mzinda unapitirira kukula, nufalikira ku Mogoditshane, ku Tlokweng ndi ku Phakalane, mvula n'kumacheperachepera. Kuyambira cha m'ma 2013 madzi anayamba kugawidwa mosinthana madera, kuthirira kapinga ndi kutsuka galimoto ndi paipi kunaletsedwa, ndipo pofika 2015 damu la Gaborone, limene likadzaza limasunga makiyubiki mita 141 miliyoni, linali litauma, pansi pake pali matope ong'alukang'aluka. Ndinapita kukaliona ndi maso anga, ndipo ndinakumbukira mneneri Eliya, amene anakhala pa mtsinje wa Keriti kufikira nawonso unaphwa. M'masiku amenewo ndimo m'mene zizolowezi za apa ndi apo zinasanduka malamulo a m'nyumba mwathu, amene tikuwasunga kufikira lero lino.

M'bafa mwathu muli beseni lalikulu, ndipo wosamba aliyense amaima m'menemo, kuti madzi otsika pathupi pake asalowe m'ngalande koma akhale otsukira chimbudzi. Madzi ozizira amene amatsogola pampope otentha asanafike ali ndi ndowa yawoyawo. M'thanki ya chimbudzi mwagona botolo lodzaza mchenga, lochepetsa madzi otuluka munthu akagujumula. Madzi otsukira mpunga, otsukira masamba, ndi osamba m'manja tisanadye nsima, onsewo amapita kuseri kwa nyumba, kumene akazi anga ali ndi kadimba ka nkhwani, mpiru ndi therere, ndiwo zimene Mmalawi sangakhale nthawi yaitali osazilawa, akhale kutali chotani. Kunsi kwa mabedi ndi kuseri kwa zitseko kuli mabotolo a malita awiri ndi zigubu za malita 20, zodzaza nthawi zonse, ndipo madzi ake amasinthidwa pa nthawi yake. Chaka cha chilala chija tinkagona mpope wa kukhitchini uli wotsekula, ndowa yachitsulo ili pansi pake, kuti madzi akabwera pakati pa usiku phokoso lake litidzutse. Ndipo linkatidzutsadi, banja lonse n'kuyamba kutunga anthu ena ali m'tulo. Tsono mvula ikati yagwa, angakhale tikudya kapena tikupemphera, ana amadzambatuka ndi miphika, mabeseni ndi ndowa, nathamangira pansi pa malata, ndipo palibe wowadzudzula kuti asokoneza mwambo.

Zonsezi sizinativute kwenikweni, pakuti thupi limazolowera msanga. Chimene chinatipweteka mumtima chinali nkhani ya alendo. Chaka chomwecho cha 2015 kunabwera atsibweni anga kuchokera kumudzi, munthu wamkulu amene anandilipirira sukulu bambo anga atamwalira, ndipo usiku umene anafika akazi anga anasowa mtendere, pakuti m'nyumba munalibe madzi a pampope, ndipo mwambo wa kwathu sulola mkamwini kapena mtengwa kuuza wamkulu wotere kasambidwe. Potsiriza anagwada pakhomo la chipinda, nati: "Atsibweni, madzi ali kubafa. Mutikhululukire, ndi ochepa. Ndipo mukamasamba muime m'beseni, kuti otsalawo tigwiritse ntchito ina." Mkuluyo anakhala chete nthawi ndithu, kenaka anatembenukira kwa ine, nafunsa ndi mawu otsika: "Kodi mphwanga, umphawi wafika pamenepa, osatiuza?" Anali wokonzeka kundisiyira ndalama yake ya ulendo.

M'mawa mwake ndinakwera nawo pang'ono phiri la Kgale, kumene damu limaonekera bwino, ndipo ataona chigwa chonse chili gwa, sanafunsenso kanthu. Masiku otsala a ulendo wawo ankanyamula okha beseni lija, akazi anga akuwaletsa, nakathira madziwo ndi dzanja lawo. Pamenepo ndinazindikira kuti ulemu kwa mlendo sunachoke m'nyumba mwathu, koma kuti unasintha maonekedwe: makolo athu ankalemekeza mlendo pomubisira kusowa kwawo konse, pamene ife taphunzira kumulemekeza pomuuza zoona ndi kumulowetsa m'malamulo a banja monga mwana wa m'nyumba. Sindinena kuti njira yathuyi iposa ya makolo, pakuti ndowa yodzaza ija ndimailakalakabe, ndipo mpaka lero mlendo akafika timamuikira madzi oposa amene timasamba eni akefe. Koma kumunamiza mlendo kuti kuno madzi ndi osasowa ndiko kumusandutsa wowononga iye osadziwa, ndipo palibe munthu wa ulemu wake amene angakondwe kudzamva pambuyo pake kuti ana anagona osasamba chifukwa cha iye.

Mu Febuluwale 2017 mvula ya namondwe wa Dineo inadzaza damu kufikira kusefukira, ndipo anthu anakhamukira komweko kukaona madzi, ena akuimba nyimbo zotamanda Mulungu. Damu lalikulu la Dikgatlhong, la pa mtsinje wa Shashe, nalonso linalumikizidwa ku mpaipi wa kumpoto uja. Mu Febuluwale 2025 mvula inachuluka kufikira madzi analowa m'nyumba za anthu, sukulu n'kutsekedwa. Indedi walira mvula walira matope. Adzukulu anga, amene anabadwa damu litadzaza kale, amaona beseni la m'bafa ngati chinthu cha agogo chopanda tanthauzo, ndipo anzawo akabwera kudzacheza amachita nalo manyazi. Ine sindiwakalipira, popeza sanaone zimene tinaona. Koma beseni silichoka, pakuti Yosefe anamanga nkhokwe m'zaka za dzinthu, osati m'zaka za njala, ndipo chilala cha 2024, chimene chinapsereza minda kuyambira kuno mpaka ku Zambia ndi ku Malawi, chinaonetsa kuti thambo la kuno silinasinthe mtima.

Chimene chimandimvetsa chisoni koposa n'chakuti alendo ochokera kwathu masiku ano sadabwanso ndi zigubu zathu. Mu 2016 anthu a mu Lilongwe nawonso analandira madzi mosinthana. Mu 2018 nyanja ya Chilwa inaphwa kwakukulu, monga inachitira mu 1995, asodzi n'kusiya mabwato awo pamatope. Ndipo chaka chomwecho damu la Mpira ku Ntcheu, limene limamwetsa anthu mpaka ku Balaka, linauma. Mapiri amene ndili mwana anali obiriwira ndi mitengo tsopano ali mbee, ndipo mitsinje imene inkayenda chaka chonse imaleka chilimwe chisanafike pakati. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Mlongo wanga wa ku Area 25 ku Lilongwe atabwera kudzationa, sanafunse kuti mabotolo a kunsi kwa bedi ndi achiyani. Anangofunsa kuti madzi ake timawasintha patapita masiku angati, popeza nayenso ali nawo.

Chifukwa chake, abale anga amene mukumanga nyumba ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu ndi kumidzi komwe, ndikupemphani kuti musanagule matailosi ndi mipando, muyambe mwaika ngalande m'mphepete mwa malata ndi thanki yolandira madzi a mvula, ndiponso muphunzitse ana anu kumene madzi otsukira mbale ayenera kupita, mipope yanu ikadali kutulutsa madzi.